Munthu uja amadzilembera yekha makadi a Khirisimasi

Chimbale chake chinabwera ndi amalume kuchokera ku Limbe m'chaka cha 2006, ine ndili Sitandade 4. Chinali m'kathumba ka pulasitiki kong'ambika pakona, pamwamba pali chithunzi cha mzungu wotong'ola maso atavala jekete yabulauni ndi tayi yofiira. Amalume anagula ziwiri, china cha nkhondo, koma cha nkhondocho chinakana kusewera. Ndiye tsiku la Khirisimasi, titabwerako kutchalitchi n'kudya mpunga wathu, panalibenso chochita koma kuika cha mzungu uja. Umu ndi mmene Mr Bean analowera m'nyumba mwathu ku Chonde, ngati mlendo wobwera m'malo mwa mnzake amene tinkamuyembekezera.

Masiku amenewo magetsi anali asanafike pakhomo pathu. Tinali ndi kaTV kakang'ono ndi deki, zonse zikudalira batire ya galimoto imene achimwene ankapita nayo pa njinga ku Luchenza kukaitchajitsa. Batire yodzaza inali chuma. Abambo, amene ankagwira ntchito ku esiteti ya tiyi, anaika lamulo loti sabata ya Khirisimasi TV isayatsidwe mpaka pa 25 penipeni, kuopa kuti moto ungathere panjira. Ndiye ndikamati tinkaonera Mr Bean chaka ndi chaka, musaganize za munthu wogona pa sofa akusinthasintha matchanelo. Unali mwambo wokhala ndi zokonzekera zake: mphasa ziwiri pabalaza, ana a nyumba zoyandikana atathithikana mpaka pakhomo, fungo la nkhuku lisanachoke m'manja, kunja mvula ikumenya malata, phiri la Mulanje litabisala m'mitambo.

M'chimbalemo munali magawo angapo, koma lathu linali limodzi, lija lotchedwa Merry Christmas, Mr. Bean. Ndinadzadziwa nditakula kuti linaonetsedwa koyamba pa ITV ku Britain pa 29 Disembala 1992, Khirisimasi itadutsa kale ndi masiku anayi. Ine ndinali ndisanabadwe, ndipo dziko lathu linalibe n'komwe wailesi ya kanema yakeyake, poti TVM inadzayamba mu 1999. Ndi gawo lachisanu ndi chiwiri mwa magawo 15 okha amene Rowan Atkinson anasewera pakati pa 1990 ndi 1995. Khumi ndi asanu basi, anzanga. Ine ndinkayesa alipo mahandiredi. Analilemba anthu atatu, Atkinson mwiniwakeyo, Richard Curtis ndi Robin Driscoll, ndipo silikwana ngakhale theka la ola.

Chimene chakhala chikundivuta n'chakuti kanthu kakafupi chonchi, kopangidwira anthu amene amavala majuzi mu Disembala, kakukana kuchoka mumtima mwanga. Kunena kuti n'koseketsa sikukundikwanira. Zoseketsa ndaonera zambiri, zina ndinaziiwala ndisanabweze foni m'thumba.

Chifukwa choyamba n'chosavuta kuchiona, ndipo aliyense amachitchula: Bean salankhula. Amene munakulira m'mavidiyo sho a pamsika mukudziwa kuti filimu ya Chitchaina kapena ya Chimereka imafuna DJ woimasulira m'Chichewa, n'kumathiramo zakezake, mpaka msilikali ali pakati pa nkhondo kumadandaula za ngongole ya katapila. Bean safuna DJ. Mawu onse amene amalankhula m'gawoli mutha kuwalemba kuseri kwa kapepala ka mayunitsi malo n'kutsala. Kwathu zimenezi zinali ndi tanthauzo lalikulu. Agogo aakazi ankalankhula Chilhomwe ndi anzawo, Chichewa ndi ife, Chingerezi ayi ngakhale liwu limodzi. Tikaika filimu ina iliyonse ankawodzera, kapena kutuluka kukasenda nandolo pakhonde. Koma pa Bean ndi iwo ankayambitsa kuseka. Pa zinthu zonse zimene zinaonekapo pa kaTV kaja, ichi chokha ndi chimene achimwene, ndi Folomu 4 yawo yonse, sankawaposa agogo pochimvetsa. Pa mphindi makumi awiri ndi zisanu zimenezo m'nyumba munalibe wophunzira ndi wosaphunzira.

Atkinson anaphunzira za uinjiniya wa magetsi ku Newcastle ndi ku Oxford, ndipo ndi ku Oxford komweko kumene anayamba kuumba munthu ameneyu, akutengera chitsanzo kwa akatswiri a nthabwala zopanda mawu monga Jacques Tati wa ku France. Uinjiniyawo umaoneka. Nthabwala zake zimamangidwa ngati makina: pali vuto, pali njira yolithetsera imene ili ndi nzeru ndithu mukaiona payokha, kenako pali chiwonongeko chimene mwiniwake sachiona. Ali mu Harrods, sitolo yaikulu ya ku London, akufuna kudziwa kuti mwa timipira tokongoletsera mtengo wa Khirisimasi kolimba ndi kati, ndiye akutigwetsa pansi. Kamene kasweka akukasiya, kamene kadumpha akukatenga. Amayi anati, "Nanga walakwa chiyani? M'phika umaugogoda usanagule." Akufuna kuyesa timagetsi tamtengo, akufunafuna pobaya, akuzula pulagi ina imene waipeza pakhoma, ndipo kunja sitolo yonse yathima. Kwa ife anthu oudziwa mdima, nthabwala imeneyo sinkafuna wofotokozera.

Pamene panabuka mkangano m'nyumba mwathu chaka choyamba ndi pa khola la ku Betelehemu. Bean wapeza tizidole ta Mariya, Yosefe, khanda ndi ziweto, ndipo akuyamba kusewera nato ngati mwana. Akuliza ng'ombe, kenako akuikhalitsa chete kuti khanda ligone. Pang'ono ndi pang'ono akubweretsa zinthu zosakhalamo m'Buku: asilikali, akasinja, chiroboti cha mu Doctor Who, chinyama chija cha dinosaur. Agogo nkhope inachita mdima. "Ameneyu akuseweretsa zopatulika, zimitsani." Abambo anachita ngati sanamve. Kenako helikopita ikubwera, mngelo ali ndi maginito, akunyamula khanda kulichotsa pakati pa chipwirikiti n'kukaliika pabwino m'kanyumba ka zidole. Agogo anakhala kaye phee, kenako anati, "Ohoo, wamuthawitsa mwanayo kwa Herode." Basi mlandu unathera pomwepo. Ndipo akananena chiyani, poti m'masewero a kubadwa kwa Yesu a m'matchalitchi athu asilikali a Herode amalowa ndi mfuti zamitengo ndi magalasi akuda, mpingo wonse n'kumagubuduka ndi phwete. Kuseka pafupi ndi khola si zachilendo kwa ife.

Koma agogo omwewo ndi amene anafunsa funso limene ine lero, nditawerenga mabuku a zolembalemba zaka zinayi ku Zomba, ndikuona kuti ndi lokhalo loyenera kufunsa pa gawoli. Anafunsa chaka chachiwiri kapena chachitatu, Bean ali yekha m'chipinda chake usiku woti mawa ndi Khirisimasi.

"Kodi ameneyu abale ake ali kuti?"

Tinawakhalitsa chete. Tinali kudikira za nkhukundembo.

Taganizani za nthabwala zathu. Izeki sangakhale Izeki popanda Jakobo. Malemu John Nyanga, amene anatisiya mu 2016, ndi malemu Eric Mabedi, amene anatsatira mu 2021, ankaseketsa chifukwa wina ankaponya mawu wina n'kuwakha. Manganya wa mu Tikuferanji nthawi zonse amakhala pakati pa anthu, akukangana nawo, akuwanamiza, akuyankhidwa. Chitsiru cha m'sewero la Chimalawi chimakhala ndi mkazi, apongozi, amfumu, munthu amene chili naye ngongole. Nthabwala zathu zili pakamwa, ndipo pakamwa pamafuna khutu la wina. Bean alibe Jakobo. Ali ndi chidole chansalu chotchedwa Teddy, ndi galimoto yake ya Mini imene amaitseka ndi loko ngati geti. Agogo anaona msanga kuti kusalankhula kwake kuli ndi chifukwa. Angalankhule ndi ndani?

Chimbale chija chinakalika mpaka chinasiya kusewera cha m'ma 2015. Pofika nthawiyo anthu a pamphasa paja anali atayamba kale kuchepa. Agogo anapita mu 2014. Achimwene analowera ku Johannesburg mu 2016 ndipo abwerako kawiri kokha. Abambo tinawaika m'manda mu 2017. Achemwali anakwatiwa ku Blantyre. Magetsi anafika pakhomo pathu oonera atatha. Ine ndinamuiwala Bean kwa zaka zingapo, kapena ndinene kuti ndinamuika m'gulu la zinthu zachibwana zimene munthu wa kukoleji sazitchula.

Ndinakumananso naye pa Khirisimasi ya 2023, ndili ndekha m'kachipinda ka lendi ku Area 25 ku Lilongwe. Digiri inali ndi zaka ziwiri ili mu envulopu, ine ndikukhalira maganyu olemba ndi kuphunzitsa ana a anthu masana. Mwezi wa Novembala kwacha inali itagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo zinthu m'sitolo zinkasintha mtengo ukupita kukatenga ndalama kunyumba. Amayi ndinawauza kuti ntchito yandipanikiza. Linali bodza. Ya thiransipoti ndikanaipeza. Chimene ndinalibe ndi choti ndifike nacho: shuga, mafuta ophikira, chitenje cha amayi, kenakake koti ana a pamudzi akati "Khirisimasi bokosi" ndisayang'ane kumbali. Mukutsika minibasi pa Chonde, anthu onse akudziwa kuti ndinu mwana wa uje amene anapita ku yunivesite, ndiye muli ndi kachikwama kamodzi kumsana. Ndinaona kuti kuli bwino kusowa kusiyana ndi kuoneka.

M'mawa wa pa 25 ndinasamba, ndinavala shati yabwino, ndinakaima pafupi ndi maluwa a alandilodi n'kudzijambula ndikumwetulira. Ndinaika pa status ya WhatsApp ndi mawu ofunira anthu onse zabwino. Kenako ndinabwerera m'chipinda, ndinavula shati ija, n'kuyamba kuwerenga amene aona. Khumi ndi awiri. Makumi atatu. Masana, kabandulo kali pafupi kutha, YouTube inandibweretsera nkhope ija yotong'ola maso, ndipo ndinati bwanji ndingoseka pang'ono.

Pali kachigawo kena kamene ndili mwana ndinkakaona ngati kongodutsirapo. Bean wakhala patebulo, akulemba makadi a Khirisimasi. Akuwaika mu maenvulopu, akumata. Akutuluka panja, akuwalowetsa pa kabowo ka makalata ka pachitseko chake chomwe. Akulowanso, akuwapeza pansi, ndipo akudabwa. Akuwatsegula mosangalala, n'kuwakoleka pachingwe kuti aoneke. Makadi onsewo ndi ofanana, chithunzi chimodzi. Anthu amene anajambulidwa akuseka m'gawomo akuseka kwambiri pamenepa, ndipo ife pamphasa paja tinkaseka nawo, tikuti koma chitsiru ichi.

Tsiku limenelo sindinaseke. Ndinaimitsa vidiyo, ndikuyang'ana shati yanga ili pampando.

Bean pamenepa si chitsiru ayi. Mwambo wa Khirisimasi akuudziwa bwinobwino, mwina kuposa anthu amene ali ndi mabanja. Akudziwa kuti khadi siligulidwa n'kungoikidwa pakhoma, liyenera kuchokera kunja, lilowe pachitseko, likupeze usakuyembekezera. Akudziwa kuti Khirisimasi ndi chinthu chimene umapatsidwa ndi anthu ena. Poti anthu enawo palibe, akusewera mbali zonse ziwiri, wotumiza ndi wolandira. Luso la Atkinson lili pa kudabwa kuja. Akanakuchita mokokomeza, ngati munthu amene akudziwa kuti akudzinamiza, kakanakhala kanthabwala wamba. Iye akukuchita ndi mtima wonse. Bean wasangalaladi. Ndipo n'chifukwa chake mwana amaseka, pamene munthu wamkulu amene anakhalapo yekha tsiku lotere amamva kanthu kena pakhosi. Chithunzi n'chimodzimodzi, nthabwala ndi yomweyo, palibe chimene chasinthidwa kuyambira 1992. Amene ndinasintha ndi ine.

Zikupitirira chomwecho. Akukoleka masokosi atatu oti Father Christmas aikemo mphatso: yake, ya Teddy, ndi ina yaing'ono ya khoswe wa m'nyumbamo. M'mawa akudzuka akudumphadumpha kukaona zimene walandira, zimene anaika yekha dzulo lake. Teddy walandira timapini tiwiri toti tikhale maso ake. Taganizani kaye pamenepo: munthu amene alibe womuona akupatsa chidole maso. Sindikudziwa ngati olembawo anaganiza mpaka pamenepo, ndipo sindikufunanso kudziwa, chifukwa zili pa sikirini kaya anafuna kaya sanafune. Khoswe walandira kachidutswa ka tchizi. Bean akumupatsa mwachikondi ndithu, kenako akukatenga n'kukaika pa msampha. Masekondi ochepa amenewo ndi Bean yense, dzanja lomwe lapereka ndi lomwelo latchera.

Apa ndi pamene ndikuona kuti gawoli likuposa mafilimu ambiri a Khirisimasi amene ali ndi ndalama zambiri ndi misozi yambiri. Silikupempha kuti mumumvere chisoni. Mafilimu a nyengoyi amakonda kupulumutsa wosungulumwa pamapeto. Mu Home Alone ya 1990 amayi a Kevin amabwerera, ndipo ngakhale mdala woopsa uja woyandikana nawo amayanjana ndi banja lake. Richard Curtis yemweyo anadzapanga Love Actually mu 2003, momwe anthu amathera pa bwalo la ndege akukumbatirana. Bean sapulumutsidwa, ndipo chowawa n'chakuti anthu amabwera ndithu pakhomo pake. Ana oimba nyimbo za Khirisimasi akugogoda. Iye akukoka mpando, akukhala, akudya chokoleti akuwamvetsera ngati akuonera TV, ndipo atamaliza akuwatsekera chitseko osawapatsa kalikonse. Tili ana, ife amene tinkayenda m'makomo kupempha Khirisimasi bokosi, pamenepa tinkakuwa kuti ndi woumira. Tinkanena zoona. Munthu ameneyu amatha kupatsa chidole mphatso, koma mwana wamoyo amene waima pakhomo pake sakumuona. Kusungulumwa kwake mbali ina ndi kodzipangira.

Zimenezi ndi zimene zinandiluma kwambiri ku Area 25 kuja, kuposa makadi. Palibe amene ananditsekera njira ya ku Chonde. Amayi anaimba katatu sabata imeneyo.

Kenako pali Irma Gobb, chibwenzi chake, amene anaseweredwa ndi Matilda Ziegler. Dzulo lake Irma anamukokera pawindo la sitolo ya mphete n'kumulozera chimene akufuna. Bean anagwedeza mutu kuti wamva. Tsiku la Khirisimasi Irma akubwera ndi mphatso yake, bokosi la sitima yapamadzi yoti alumikize yekha, ndipo Bean akusangalala ngati mwana. Iye akupereka yake: chithunzi cha mwamuna ndi mkazi chimene chinali pawindo paja pafupi ndi mphete. Ankayesa kuti Irma ankaloza chimenecho. Irma akulira. Bean akukumbukira kuti waiwala china, akutulutsa kabokosi kakang'ono, kofanana ndendende ndi ka mphete. Nkhope ya Irma ikuwala. Akutsegula. Muli kachitsulo kokolekera chithunzicho pakhoma.

Nyumba yonse inkagwa ndi kuseka, kupatula achemwali. Iwo anali ndi zaka 17 nthawi imeneyo, ndipo ankangoti, "Mxii, amuna." Ine ndinkaona ngati akudzimva. Lero ndikaonera ndimayang'ana nkhope ya Ziegler m'malo mwa ya Atkinson, mmene chiyembekezo chikubwerera kachiwiri kwa munthu amene anali atakhumudwa kale, n'kuphedwanso. Kumukhumudwitsa kamodzi ikanakhala nthabwala. Kawiri ndi nkhanza, ngakhale wochitayo sakudziwa. Irma akutuluka, ndipo m'magawo otsatira sanaonekenso. Bean akutsala osamvetsa chimene chalakwika. Pamapeto akukoka yekha kaphukusi kaja kophulika kamene azungu amakokerana awiriawiri patebulo la Khirisimasi, kamene iye anakadzaza zophulitsira zambiri ngati makombola, ndipo ife tikungoona kuwala pawindo tili kunja. Chinthu chopangidwira manja a anthu awiri, akuchikoka ndi manja ake onse awiri.

Musandimve ngati ndikuti gawoli lilibe chilema. Irma analembedwa mopepuka kwambiri. Sitikudziwa chimene amamuonera Bean, sitikudziwa kumene akupita akatuluka. Alipo kuti apwetekedwe basi, ndipo zimene zili zamoyo mwa iye anaziikamo ndi Ziegler, osati olemba. Za kamnyamata kopisa m'matumba ndi za kuba mtengo waukulu wa Khirisimasi wa pamsika zimangodzaza nthawi, ngakhale pakati pake pali kabwino kaja kotsogolera gulu la malipenga la Salvation Army, pamene kandodo kalikonse kamene wagwedeza oimba akukatsatira. Kuseka kojambulidwa kuja nakonso nthawi zina kumachita kukukankha, kukuuza poti useke, pamene malo ena akanakoma atakhala chete.

Ndipo ndinene chimene ena mundida nacho: za nkhukundembo si pamene pali mtima wa gawoli. Ndikudziwa, ndi chithunzi chimene dziko lonse limachikumbukira, munthu ali ndi chimbalame chosaphika kumutu chifukwa amafunafuna wotchi yake imene inatsalira m'kati. N'zoseketsa, sindikukana, makamaka Irma atalowa osazindikira msanga. Koma ndi nthabwala imene ukaiona kachitatu yatha, ilibe chipinda china choti ulowemo. Ngakhale kwathu chimene chinkatigwira pamenepa sichinali mutu wa Bean. Kunali kukula kwa chinthucho. Disembala kumudzi ndi mwezi woti nkhokwe yayamba kuonetsa pansi, ndalama yapita ku feteleza, ndipo nkhuku imodzi imagawidwa kwa anthu khumi mwaluso la dokotala wa opaleshoni. Amayi ankaiyeza nkhukundembo ija ndi maso, n'kumati ingadyetse mudzi wonse mpaka Nyuwere. Ikamauluka pawindo kugwera kunja, chaka chilichonse ankagwira kumutu. "Ndiwo yonse ija!" Kwa iwo tsoka la m'gawoli linali limenelo, za Irma zinali zachiwiri.

Wina anganene kuti zonsezi ndi kulakalaka zakale chabe, kuti chimene ndimakonda si Bean koma pabalaza paja, abambo ali moyo, agogo akuseka mpaka kutsokomola. Mbali ina ndi zoona, ndipo sindichita nazo manyazi. Chinthu chimene umachionera tsiku lomwelo chaka ndi chaka chimasanduka ngati chipupa chimene makolo amalembapo msinkhu wa ana. Icho sichisuntha, ndiye chimakuonetsa mmene iwe wasunthira, ndi amene palibe. Koma batire yomwe ija inatisewereranso zinthu zina zambiri, mafilimu a ku Nigeria a magawo anayi, resiling'i, makarate. Ndayesa kuzibwereza. Zambiri zinafa, sindifika nazo mphindi khumi. Zinali ndi pabalaza pomwepo, agogo omwewo. Ndiye pabalaza pokha sipangafotokoze. Gawo ili linapulumuka chifukwa linali ndi kanthu kamene linandisungira mpaka nditakula, kamene agogo anakaona tsiku lomwelo ife tikuwakhalitsa chete.

Khirisimasi ya 2024 ndinapita. Zinthu sizinali zitasintha kwenikweni, ndinatsika pa Chonde ndi mapaketi awiri a shuga ndi botolo la Sobo. Achemwali anabwera ndi ana awo awiri. Titadya, ndinatsamiritsa foni pa chitini cha shuga patebulo, ana a achemwali ndi ena atatu a pafupi atazungulira, mitu ikugundana. Ana amenewa anakulira pa TikTok, ndimayesa satha mphindi zitatu. Anakhala mpaka pamapeto. Wamng'ono anaseka pa dinosaur mpaka anagwa pa benchi. Achimwene anaimba pa vidiyo kuchokera ku Johannesburg pa foni ya achemwali tili pakati, ali okha m'chipinda chawo, kumbuyo kwawo kukuoneka bedi ndi kaketulo. Atamva nyimbo ya m'gawomo anati, "Mukuonera mdala uja? Tembenuzani foni ndione nawo." Ndiye foni ina inkaonera inzake, netiweki ikudukaduka, kuseka kwawo kukufika mochedwa nthabwala itadutsa kale.

Pa makadi paja ndinawauza amayi, motsitsa mawu, kuti chaka chatha kunalibe ntchito imene inandipanikiza. Sanachotse maso pa foni.

"Ndinadziwa," anatero. "Shati ija unaivala pa chithunzi chokha. Ukanangobwera, iwe. Anakufunsa shuga ndani?"

Ndisanapeze choyankha, mwana wa achemwali anali atayamba kale kukanda sikirini ndi chala chamafuta. "Ankolo, thamangitsani, tikufuna pa chinkhuku paja."